Geni ya zokometsera ndiwo, ndi chochita masitadi akasowa

Achemwali, mwandifunsa zinthu ziwiri mu uthenga umodzi. Mukufuna kudziwa m'mene geni yathu yokaoda zokometsera ndiwo kunja imayendera, poti mwapezako kampamba. Mwatinso mayi wina wophika m'maukwati ku Luchenza wakhala akukufunsani masitadi achikasu aja a m'botolo, ndiye mukuganiza zoyambira pomwepo, kubweretsa makatoni angapo. Ndiyankha zonse, koma pa masitadipo ndikuletseni msanga: mpamba wanu woyamba musauyike pamenepo.

Ife a kuno ku Mulanje tili ndi njira ziwiri. Yapafupi ndi ya pa chipata cha Muloza, kuwolokera ku Milange m'dziko la Mozambique. Munthu amapita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo katundu wake amathera pa Limbuli, pa Chitakale, mwina mpaka ku Luchenza. Kumeneko mumagula ndi metikali, choncho musanafunse mtengo wa katundu, yambani mwadziwa kuti kwacha ikusinthidwa bwanji tsiku limenelo. Yapatali ndi ya ku Joni: basi ya ku Blantyre, kutulukira pa Mwanza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge mpaka Johannesburg. Zam'mabotolo zambiri zimene mumaziona m'masitolo akuluakulu a ku Limbe zimachokera kumeneko. Wongoyamba kumene asathamangire ulendo umenewu. Ndalama ya basi, chakudya, pogona ndi ya wonyamula katundu imadya phindu lonse ngati mwaoda zochepa. Ambiri amayamba ndi kutuma mnzawo amene akupita kale, n'kugawana mtengo wonyamulira.

Pa chipata pali a MRA, ndipo amafuna kuona malisiti. Sungani lisiti la chilichonse chimene mwagula, ngakhale kapaketi kamodzi, chifukwa popanda lisiti iwo ndi amene amatchula mtengo wa katundu wanu, ndipo msonkho umawerengedwa pa mtengo umenewo. Zakudya zimawakhudzanso a Malawi Bureau of Standards, amene amayang'ana zolembedwa pa botolo ndi tsiku limene chinthucho chidzathere mphamvu. Mudzamva anzathu akukamba za ndondomeko yopepukitsa msonkho kwa amalonda ang'onoang'ono pansi pa COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Ilipodi, koma imathandiza amene amaoda ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Mozambique ndi South Africa sali mu COMESA, ali mu SADC, ndiye musadalire zimene wakuuzani munthu woyenda pa Mchinji. Komanso m'mwezi wa Marichi 2025 boma linaletsa kulowetsa katundu wina amene amapezeka konkuno, monga chiponde, uchi, adyo ndi jinja. Malamulo otere amasintha, choncho musanawoloke funsani ku ofesi ya pa chipata ngati chimene mukufuna chikuloledwa. Anyamata a njira zozemba adzakunyengererani kuti akuwolotsereni pa mtsinje motchipa. Akaneni. Katundu akalandidwa, palibe amene mungakamudandaulire.

Nkhani yomwe imagwetsa ambiri ndi ndalama yakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atagulitsa pa ngongole anapeza kuti ndalama imene akutolera siingagulenso katundu wochuluka ngati amene anabweretsa. Poika mtengo musamawerengere zimene munagulira dzulo zokha. Werengerani zimene mudzafunike kuti mukaodenso mawa.

Tsopano masitadi. Ogula ake kuno ndi owerengeka: malo ogona alendo okwera phiri cha ku Likhubula, nyumba zina za m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, ndi amayi ophika m'maphwando ngati mnzanuyo. Botolo limodzi munthu amakhala nalo miyezi, pomwe paketi ya ufa wa kale (curry) kapena zokometsera nkhuku zimatha pa sabata. Mabotolo ndi olemera, agalasi amasweka m'basi, ndipo tsiku lothera mphamvu likayandikira mumagulitsa modula mtengo. Mukafuna kusunga masitadi, sungani a ufa, monga a Colman's a m'kachitini kachikasu. Ndi opepuka, saonongeka msanga, ndipo supuni yaing'ono imodzi ya ufawo imalowa m'malo mwa supuni yaikulu imodzi ya a m'botolo. Koma ngaukali kwambiri kuposa achikasu aja, wogula muzimuchenjeza.

Chimene ndimafuna mumvetse, achemwali, n'chakuti wogulitsa zokometsera ayenera kudziwa zimene zili m'botolo lake. Masitadi achikasu, a mtundu wa French's umene unayamba kugulitsidwa ku America mu 1904, si chinthu chachilendo monga m'mene mtengo wake umaonekera. Muli njere zopera za masitadi oyera, viniga, madzi, mchere ndi ufa wa turmeric. Chikasu chowalacho si cha njere ayi, ndi cha turmeric. Ndipo njerezo ndi pachibale ndi mpiru womwewu umene tikulima m'madimba athu. Mpiru wathu ukausiya osauthyola, umachita maluwa achikasu n'kubala timakoko, ndipo m'timakokomo muli tinjere tofiirira. Njere zamtundu umenewu ndi zimene amapangira masitadi a Dijon ku France. Zimandiwawa kuona mayi akusunga ndalama mwezi wonse kuti agule botolo lochokera ku Joni, mpiru ukuuma ndi njere zake kuseri kwa nyumba.

Mnzanuyo mukamuuze achite chonchi. Atenge supuni zazikulu zinayi za njere zouma bwino, azipete, azisinje m'kamtondo koyera kopanda fungo la tsabola, kenako asefe. Ufawo authire madzi ozizira pang'ono kuti ukhale phalaphala. Apa ndi pamene pali luso lonse. Njere youma ilibe ukali. Ukali umadzuka ufa ukakumana ndi madzi ozizira, ndipo umakwera kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Viniga ndi amene amauimitsa pamene wafika. Ndiye wofuna masitadi oluma m'mphuno adikire mphindi khumi asanathire viniga, koma wofuna ofatsa ngati a m'botolo aja athire viniga nthawi yomweyo, supuni zazikulu zitatu. Awonjezere theka la supuni yaing'ono ya turmeric, mchere, ndi shuga pang'ono. Poti njere za mpiru n'zaukali kuposa zoyera zija, supuni imodzi ya ufa wa tirigu imathandiza kuziziritsa, ndipo akatenthetsa pa moto wochepa mphindi zingapo akutakasa, ukali umatsikanso. Asaphikire mu poto wa aluminiyamu, viniga amadya chitsulo chimenecho n'kusiya kakomedwe koipa. Akalawa tsiku lomwelo adzamva kuwawa ngati masamba a chisoso chokhwima, asataye mtima kapena kutaya masitadiwo. Atsekere m'botolo lagalasi lowiritsidwa, aike pozizira masiku awiri, kuwawako kumatha kokha.

Pamenepa pali chenjezo limene sindilisiya. Njere za mpiru za m'mapaketi a mbewu, zogula kwa ogulitsa zipangizo zaulimi, nthawi zambiri zimakhala zothiridwa mankhwala, n'chifukwa chake zina zimaoneka zamtundu wachilendo. Zimenezo n'zodzala basi, zisayandikire poto. Zodya zikhale zimene wakolola yekha, kapena zogula kwa amwenye ogulitsa zokometsera ku Limbe, amene amazisunga chifukwa amakazingira ndiwo zawo.

Nthawi zina wophika alibe masiku awiri, ukwati ndi mawa. Pamenepo mumufunse kuti masitadiwo akuwafunira chiyani. Ngati ndi oviika nkhuku kapena nyama yootcha, chimene akufuna kwenikweni ndi kuwawasa ndi mtundu, ndiye madzi a mandimu kapena viniga, turmeric pang'ono, adyo ndi mafuta zimakwana. Ngati ndi saladi ya mbatatesi kapena ya kabichi, atenge mayonezi, adonthezere viniga ndi kaufa ka turmeric kongotsina ndi zala. Akachulutsa turmeric chakudya chimamveka dothi. Ngati ndi msuzi wa mafuta ndi viniga wothira pa masamba aawisi, pamenepo masitadi ntchito yake ndi kugwirizanitsa mafuta ndi viniga kuti zisalekane, ndipo supuni ya mayonezi imagwira ntchito yomweyo. Wapeza a Dijon, athire muyeso wocheperako pang'ono. Koma Nali kapena kambuzi asaike m'malo mwa masitadi. Tsabola amawotcha lilime n'kukhalitsa, masitadi amakwera m'mphuno n'kutha msanga, ndipo alendo a paukwati amene sadya tsabola adzasiya mbale.

Mwina mukuti ndikukutayitsani kasitomala pomuphunzitsa kupanga yekha. Ayi. Mayi ameneyo adzafuna viniga, turmeric, mayonezi, paprika ndi kale pa phwando lililonse, ndipo zimenezo ndi zimene zimayenda. Adzazigula kwa munthu amene anamuthandiza tsiku limene anapanikizika. Choncho pa oda yanu yoyamba ikani zimenezi, muwonjezere tizitini tochepa ta masitadi a ufa. A m'botolo muzibweretsa pokhapokha munthu waitanitsa ndipo waperekeratu theka la ndalama. Mukakonzeka mundiuze, tidzawolokere limodzi pa Muloza ulendo woyamba kuti muone ndi maso m'mene timalembetsera katundu.