Achemwali, musagule giyabokosi musanaone izi

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba m'gulu lathu lino za galimoto yanu ya Toyota Sienta. Mwati mwangosamukira kumene ku Lilongwe, galimoto ikumanjenjemera mukamanyamuka, nyali ya check engine yayaka, ndipo amakaniko awiri akuuzani zosiyana. Wina akuti ndi mapulagi, wina akuti giyabokosi yatha mugule ina. Ndiye mukufunsa komwe kuli galaja yokhulupirika.

Manambala a foni anzathu akupatsani kale ambiri m'gulu muno, ndipo ena mwa anthuwo mwina ndi abwinodi. Ine sindiwonjezerapo dzina. Galaja imakhala yabwino chifukwa cha munthu mmodzi kapena awiri amene ali mmenemo, ndipo munthuyo akachoka chikwangwani chimatsala chomwecho koma ntchito yasintha. Komanso katswiri wa ma Hilux ndi malole akhoza kusokonezeka ndi kagalimoto ngati kanuka. Chimene ndingakupatseni ndi njira yomuyesera munthu aliyense amene mwatumizidwako, ndipo njira yake yagona pa chinthu chimodzi: makaniko woona amayamba wayeza, kenako n'kusintha chitsulo. Wongolota amayamba ndi kukutumani kogula.

Tiyeni titenge vuto lanu lomweli. Ma Sienta ambiri akale amene adzaza m'misewu yathuyi ali ndi injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, ya masilinda anayi, ndipo silinda iliyonse ili ndi koyilo yakeyake pamwamba pa pulagi, imene imapatsa pulagiyo magetsi oyatsira mafuta. Koyilo imodzi ikafooka kapena pulagi ikatha, silinda imeneyo siwotcha bwino mafuta, ndipo galimoto yonse imanjenjemera, makamaka ponyamuka kapena pokwera mtunda. Munthu wosadziwa akhoza kulumbira kuti ndi giyabokosi. Koma akailumikiza pa mashini a kompyuta oyezera zovuta za galimoto, vuto lotere limaonetsa nambala ngati P0301, P0302, P0303 kapena P0304, ndipo 1, 2, 3 kapena 4 wa kumapetoyo akutchula silinda imene ikuvuta. Makaniko wodziwa ntchito amachotsa koyilo ya silinda imeneyo n'kuisinthanitsa ndi ya silinda ina. Vuto likasamukira kumene koyilo yapita, wopalamula wapezeka. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi zochepa ndipo simunagule kanthu. Sindikunena kuti vuto lanu ndi limeneli, chifukwa ma mounting (mphira zimene injini imakhalapo) akatha kapena throttle (polowera mpweya mu injini) ikada galimoto imathanso kunjenjemera, ndipo giyabokosi nayo imathadi kufa. Ndikunena kuti munthu amene wakuuzani za giyabokosi asanayese zinthu zotchipazi wadumpha makwerero ambiri, ndipo ndalama zimene akudumpha nazozo ndi zanu.

Akakaika pa mashini, muime pomwepo. Muwapemphe akuonetseni nambala imene yatuluka, muijambule pa foni, ndipo muwafunse kuti ikutanthauza chiyani. Mashini aja sakonza galimoto, amangoloza kumene munthu ayambire kufufuza. Alipo ena amene amangofufuta nambalayo, nyali n'kuzima, inu n'kulipira mukusangalala, pakapita masiku awiri yayakanso.

Za giyabokosi, funso limodzi lokha likuthandizani kusefa anthu: "Muthiramo mafuta anji?" Ma Sienta ambiri, pamodzi ndi ma Vitz ndi ma Note, ali ndi giyabokosi ya CVT. Imeneyi ilibe magiya a mano osinthasintha monga tinazolowera, imayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, ndipo imafuna mafuta akeake. A Toyota amalemba CVT Fluid TC kapena FE malinga ndi galimoto, a Nissan ndi NS-2 kapena NS-3. Munthu akayankha kuti "ATF ndi ATF basi, onse ndi amodzi," kutanthauza mafuta wamba a giyabokosi ya otomatiki, tengani makiyi anu mwaulemu muzipita. Giyabokosi zambiri za mtundu umenewu zaphedwa ndi mafuta olakwika, mwini wake n'kumadzudzula galimoto.

Ndikulankhula chonchi chifukwa zinandionekera. Vitz yanga itayamba kutentha ndinaipititsa pa galaja ina yooneka bwino, ya mpanda ndi geti, anyamata ovala maovolosi ofanana. Anachotsa thermostat, kachitsulo kowongolera kayendedwe ka madzi oziziritsa injini, n'kundiuza kuti chimenechi ndi cha ku Japan kozizira, kuno n'chosafunika. Ndinavomera chifukwa analankhula motsimikiza. Vuto lenileni linali fani ya radiator imene inkazungulira nthawi zina n'kumaima, ndipo palibe amene anaiyang'ana. Patapita milungu ingapo galimoto inawira ndili pa M1 kupitirira Dedza, ana ali kumbuyo, dzuwa likulowa. Gasket, yomatira mutu wa injini, inapsa. Ndalama imene ndinawononga pamenepo ikanagula mafani angapo. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Amene anadzandikonzera bwino pambuyo pake ndi bambo wina wachikulire wogwirira ntchito pansi pa shedi ya malata, amene anatha pafupifupi ola lathunthu akungoyeza mawaya asananene mawu alionse za mtengo. Thermostat anaibwezeretsa, ndipo anandiletsa kuthira madzi apampopi okhaokha m'malo mwa coolant, madzi apadera oziziritsira injini. Mpaka lero ndimapita kwa iwo, ndipo ndikanakutumizani komweko akanakhala kuti ali ku Lilongwe.

Nanga munthu wotere mumupeza bwanji mumzinda wachilendo? Inu muli ndi mwayi, chifukwa Sienta ndi galimoto imene anthu ambiri akuchitira taxi. Pitani pamene amaima, mufunse madalaivala atatu kapena anayi, aliyense payekha, kuti galimoto zawo amakonzetsa kwa ndani ndipo akhala akupitako kwa nthawi yaitali bwanji. Anthu amenewa galimoto ikagona pa galaja tsiku limodzi ndiye kuti kunyumba sikudyedwa, choncho sapirira makaniko wachinyengo. Dzina limene latuluka kawiri kapena katatu, yambirani pamenepo. Funsaninso anzanu akuntchito ndi akutchalitchi amene ali ndi galimoto yonga yanu. Amene ndingakuchenjezeni ndi munthu wokuthamangirani pamsewu mukamafunafuna sipeya, n'kumati akuperekezani kwa katswiri. Nthawi zambiri iyeyo ali ndi yake imene akalandire, ndipo idzachokera m'thumba lanu. Ku Biwi, ku Mchesi ndi cha ku Malangalanga kuli amakaniko ndi mashopu a sipeya ochuluka, aluso ndi ongoyesa ali khomo ndi khomo, ndiye musapiteko mulibe dzina la munthu amene mukumufuna.

Mapepala ndi abwino. Munthu amene anadutsa ku Lilongwe Technical College kapena ku Soche Technical College, amene ali ndi satifiketi ya TEVETA kapena trade test ya Grade 1, anaphunzira chifukwa chake zinthu zimagwira ntchito mmene zimagwirira, ndipo sakwiya mukamufunsa. Koma ndaonanso aluso amene anaphunzirira pamanja kuyambira ali anyamata. Pepala lisakhale muyeso wokhawo. Magalaja a makampani ogulitsa galimoto zatsopano ali ndi zida zabwino ndipo amalemba zonse, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo amayenera kwambiri munthu amene galimoto yake idakali pa waranti.

Mukapeza dzina, musayambe ndi ntchito yaikulu. Mupatseni kantchito kakang'ono, monga kusintha oilo ndi fyuluta kapena mabuleki, inu muli pomwepo. Muone ngati botolo la oilo akulitsegula pamaso panu, ngati fyuluta yakale yachokadi, ngati akutsuka manja asanagwire chiwongolero ndi mipando. Koma chachikulu mumvetsere zimene azinena akasuzumira pansi pa galimoto. Munthu amene angakuuzeni kuti "ma bush awa ayamba kutha koma akhoza kudikira miyezi ingapo, chofunika msanga ndi ichi," ameneyo mugwireni ndi manja awiri. Wakana ndalama imene akanatha kukudyerani lero. Pamene wina chilichonse chimene wachigwira n'choopsa, chilichonse n'chofunika lero lomwe.

Muyang'anenso pabwalo. Galimoto zambiri zimene zaphwa matayala, udzu utamera pansi, zimanena nkhani. Zina eni ake anasowa ndalama, n'zoona, koma zikachuluka mufunse. Mufunsenso kuti galimoto ikagona imagona pati, ndipo amalondera ndani.

Pa nkhani ya ndalama, muwapemphe alembe mtengo wa ntchito paokha, wa sipeya paokha, ngakhale pa kapepala kapena pa WhatsApp. Muwauze momveka kuti akapeza vuto lina akuimbireni asanagwire. Musalipire zonse ntchito isanathe, ndipo mukamalipira gwiritsani Airtel Money, Mpamba kapena banki kuti pakhale umboni. Pogula sipeya mutenge nambala ya chassis, imene ili pa blue book ndi pa kachitsulo ka pagalimoto, chifukwa ma Sienta si onse ofanana: za chassis yoyamba ndi NCP81 ndi za NCP85 zimasiyana giyabokosi ngakhale kunja zikuoneka chimodzimodzi. Afunseni ngati chimene akuikacho ndi chatsopano chenicheni, chatsopano chotchipa, kapena chochotsa ku galimoto ina. Chakale si choipa nthawi zonse, koyilo yakale yeniyeni imatha kukhalitsa kuposa yatsopano yachinyengo, koma muyenera kudziwa chimene mwalipira. Ndipo zitsulo zimene achotsa azikupatsani. Wokhulupirika amaziika yekha m'buti musanapemphe.

Apa ndiwaikire kumbuyo pang'ono amakaniko, chifukwa nafenso eni galimoto timalakwa. Chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso ndi kusowa kwa ndalama zakunja, mitengo ya sipeya siikhazikika. Munthu akakuuzani kuti mtengo wa sabata yatha wasintha, si nthawi zonse pamene akunama, mukhoza kuimba nokha m'mashopu awiri n'kutsimikiza. Komanso nthawi imene munthu watha akufufuza vuto ndi ntchito, mulipireni ngakhale sanasinthe chitsulo. Tikamawanenerera mpaka kuwafinya, timawaphunzitsa tokha kubisa phindu lawo mu mtengo wa sipeya. Ndipo mukasankha kukagula nokha chitsulo, dziwani kuti chikakhala choipa makaniko sangachiyankhire.

Ngati galimoto ikugona kumeneko, jambulani mileage, mlingo wa mafuta, batire, tayala la sipeya ndi jeke, makaniko akuona. Si kumunyoza, ndipo wabwino sakhumudwa nazo. Muwapemphenso akuonetseni catalytic converter, kachigubu kamene kali pa paipi ya utsi pansi pa galimoto. Mkati mwake muli zitsulo zodula monga platinum ndi palladium, ndiye pali ena amene amakatsegula n'kuchotsa zam'katizo kukagulitsa. Mwini galimoto amangodabwa kulira kwasintha, utsi ukununkha, nyali yayaka. Wina akakuuzani kuti katsekeka tingochotsa, musavomere msanga, kafunseni kwina.

Zikavuta, yambani mwabwerera kwa iye mwini ndi kapepala kanu, chifukwa mmene munthu amalandirira ntchito yobwerera ndi pamene khalidwe lake limaonekera. Akakana kumva, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo ngati chinthu chabedwa imeneyo ndi nkhani ya kupolisi. Konseko adzafuna umboni, n'chifukwa chake ndalimbikira za kulemba ndi kujambula.

Mwanenanso kuti mukuona ngati amakuonjezerani mtengo chifukwa ndinu mayi. Zimachitikadi, ndipo zimandipweteka chifukwa mlongo wanga anakumana nazo. Koma simukusowa kubwereka mwamuna woti akakuimireni. Mukafunsa kuti nambala yatuluka yanji, mwayesa kusinthanitsa makoyilo, muthira mafuta anji, munthu amadziwa kuti apa pafunika kusamala.

Pakadali pano muione bwino nyali ija. Ngati yangoyaka osaphethira, mukhoza kuyenda pang'onopang'ono kupita kokayezetsa. Ngati ikuphethira, injini ikuponya mafuta osapsa mu paipi ya utsi ndipo ikhoza kuwononga catalytic converter, ndiye musaiyendetse mtunda wautali, ulendo wa ku Zomba mwanena wa Loweruka uja uyambe wadikira. Mukakayezetsa, tumizani chithunzi cha nambalayo muno tione limodzi musanatulutse ndalama ya giyabokosi.