Makodi atatu aja sanakulakwireni, achimwene

Mnyamata wina wa ku Chinamwali wandilembera imelo. Akuti nyimbo zonse zimene amapeka pa gitala zimangozungulira pa makodi atatu (kodi ndi manoti angapo olira pamodzi), C, F ndi G, moti anzake akukwaya ayamba kumuuza kuti zonse zimamveka ngati nyimbo imodzi. Funso lake ndi lakuti: kodi ayambe kuphunzira makodi ovuta a jazz?

Achimwene, musathamangire kumeneko. C, F ndi G, omwe oimba amawatcha 1, 4 ndi 5, ndi amene anyamula nyimbo zambiri za m'matchalitchi mwathu, ngakhalenso kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba. Chimene ndikuganiza n'chakuti mumasintha makodi pamalo amodzimodzi m'nyimbo iliyonse, ndiye khutu la womvera limadziwiratu kumene mukupita.

Yambani ndi kodi ya Am (A minor). Mukagwira C, sunthani chala chimodzi chokha, chovala mphete chija, kuchoka pa freti (mpata wa pakati pa tizitsulo ta pakhosi pa gitala) yachitatu ya waya wachisanu kupita pa freti yachiwiri ya waya wachitatu. Basi, mwafika pa Am. C ndi do-mi-so, Am ndi la-do-mi. Manoti awiri ndi omwewo, n'chifukwa chake mawu amene mumaimba pa C nthawi zambiri amakhalanso bwino pa Am, koma mtima wa nyimbo umasintha, umalemera. Muuike pa mzere umene ukunena za chisoni kapena kusowa munthu, osati paliponse. Ndime ina yambirani pa Am n'kupita F, C, G, mumve nokha.

Mukatsala pang'ono kulowa kolasi, gwirani G7 ndipo muchedwepo pang'ono. Mu G7 muli ti amene amafunitsitsa kukwera ku do, ndi fa amene amafuna kutsikira ku mi. C akafika, anthu amapuma.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi besi. Tsiku lina tikukonzekera nyimbo ya maliro ku Matawale magetsi anazima, kiyibodi zii. Tinapitiriza ndi pakamwa. Bambo wina wachikulire wa besi anakhala pa do osasuntha, ife tonse titakwera kupita ku fa, ndipo anatsikira ku so pa mawu omaliza penipeni. Tsitsi linandiimirira. Makodi anali atatu omwewo, koma mayi wina wa alto analephera kumaliza mzere chifukwa cha misozi.

Choncho anzanu akukwayawo muwagwiritse ntchito. Alto asamangotsatira soprano m'munsi mwake nyimbo yonse. Penapake aime pa noti imodzi, penapake akhale chete, adzalowe pa kolasi.

Sankhani nyimbo imodzi mwa zanu zakale, mujambule pa foni momwe ilili, kenako mujambulenso mutaikamo Am pamalo amodzi okha. Munditumizire zonse ziwiri pa WhatsApp, ndizimvere.