Kabuku ka ndakatulo ka agogo: kagulitsidwe kapena kasungidwe?

Mayi ena a ku Nkhotakota andilembera imelo. Akuti pokonza m'nyumba ya malemu agogo awo, amene anali mphunzitsi wa mishoni ya Anglican, apeza m'sutikesi kabuku ka chikuto chachikopa kotchedwa The Christian Year. Akufunsa ngati ndi kakale kwenikweni, komanso ngati kangabweretse ndalama.

Mayi, za ndalamazo musaikepo mtima kwambiri. Bukuli analemba ndi John Keble, wansembe wa ku England, ndipo linatuluka koyamba mu 1827, m'magawo awiri, popanda dzina la mlembi. Anthu analikonda moti pamene Keble ankamwalira mu 1866 linali litasindikizidwa maulendo oposa 90. Kuyambira 1873 aliyense anali ndi ufulu wolisindikiza, ndiye linangoti mbwee m'masitolo. Chinthu chochuluka chonchi sichikwera mtengo, ngakhale chikalambe. Tsegulani tsamba loyamba muone m'munsi. Chaka chikhoza kukhala m'malembo achiroma, monga MDCCCLXXX, ndiye kuti 1880. Ngati mwapeza 1827 ndi magawo onse awiri, pamenepo mpomwe mungafunse odziwa za mabuku akale.

Kuti kabukuka kanafika bwanji kunyanja sizodabwitsa. Ulaliki wa Keble wa mu 1833 ndi umene anthu amati unayambitsa gulu la ku Oxford lofuna kubwezeretsa miyambo yakale ya mapemphero mu mpingo wa Anglican, ndipo amishoni a UMCA (bungwe la mishoni la Anglican lochokera ku mayunivesite a ku Britain), amene anakhazikika pa Likoma mu 1885, anali a mtima womwewo.

Ine ndikanakonda mukawerenge. Koma osati kungoyamba tsamba loyamba mpaka kumapeto, mutopa nako. Keble anakonza ndakatulo imodzi pa Lamulungu lililonse ndi pa tsiku lililonse la chikondwerero, motsata kalendala ya mpingo kuyambira Adiventi, nyengo yokonzekera Khirisimasi. Pamwamba pa iliyonse pali vesi ya m'Baibulo. Yambani mwawerenga vesiyo m'Chichewa, kenaka ndakatuloyo mokweza mawu, kamodzi basi pa sabata. Chingerezi chake n'chakale, ndipo kunena zoona pena bamboyu amachedwa kwambiri pa mitengo, mitambo ndi mitsinje asanafike pa mfundo. Zina n'zozizira ndithu. Koma onani ziwiri zoyambirira, ya m'mawa ndi ya madzulo. Ya madzuloyo yatsamira pa Luka 24:29, pamene ophunzira a ku Emau akuumiriza Yesu kuti akhale nawo poti kwada, ndipo m'menemo ndi momwe munachokera nyimbo ya Sun of my soul imene mipingo ikuimbabe.

Yang'ananinso zimene agogo anasiyamo: dzina la amene anawapatsa, chaka cholembedwa ndi inki yofiirira, mzere wa pensulo pambali pa ndime, tsamba lodetsedwa ndi chala kuposa ena onse. Musafufute chilichonse.

Madontho ofiirira pamapepala ndi a ukalamba ndi chinyezi, asiyeni. Tsamba likang'ambika musamate ndi selotepi, chifukwa imasiya banga losachoka. Musakaikenso m'jumbo, mumatuluka nkhungu nthawi ya dzinja. Kakulungeni m'nsalu yoyera youma, kakhale pashelefu yapamwamba kutali ndi khoma ndi dzuwa, ndipo muzikasuzumira kawirikawiri chifukwa cha chiswe ndi mphemvu. Ngati chikuto chayamba kulekana ndi masamba, mangani ndi kansalu kofewa, guluu ayi.