Nyumba ya mu SketchUp ikukana kutuluka bwino pa printa ya 3D

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Area 25 yemwe amajambula mapulani a nyumba. Anajambula nyumba ya zipinda zitatu mu SketchUp, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira zinthu mu 3D, ndipo akufuna kuisindikiza pa printa ya 3D kuti kasitomala aione ndi kuigwira asanayambe kugula njerwa. Koma akaika fayiloyo mu Cura, pulogalamu yokonzera chojambula kuti printa ichisindikize, makoma ena akusowa ndipo denga likungotuluka theka. Akufunsa kuti: "Kodi vuto ndi printa kapena pulogalamu?"

Achimwene, printayo ilibe mlandu, Cura nayonso ilibe. Vuto lili mu chojambula chanucho.

Fayilo ya STL, mtundu wa fayilo womwe mumatumiza ku Cura kuchokera mu SketchUp, yomwe kampani ya 3D Systems inayambitsa mu 1987, sidziwa khoma kapena chitseko. Imangosunga matriangle ambirimbiri olumikizana, basi. Cura imadula nyumbayo m'timagawo topyapyala, ndipo pa kagawo kalikonse iyenera kudziwa kuti mkati ndi uti, kunja ndi kuti. Kuti zimenezi zitheke, pa mzere uliwonse payenera kukumana matriangle awiri okha. Ikakhala imodzi, ndiye kuti pali bowo. Akakhala atatu, ndiye kuti mwasiya nkhope (face, mbali yafulati ya chojambula) ina mkati mwa khoma, zomwe zimachitika kawirikawiri pamene makoma awiri akumana. Nyumbayo ikhale ngati chidebe: mutathira madzi mkati mwa makoma ake, asapeze podonthera.

Tsono SketchUp imalola munthu kujambula khoma lopanda kunenepa kulikonse. Diso limakhutira, koma printa sipeza poika pulasitiki.

Yambani ndi kuchotsa mipando, mitengo, galimoto ndi anthu omwe munatenga ku 3D Warehouse, nkhokwe ya pa intaneti ya zojambula za SketchUp. Zimenezi zinapangidwa kuti zizikongoletsa chithunzi, ndipo zambiri zimakhala zobowokabowoka. Kenako makoma onse akhale group imodzi. Mukaidina, kabokosi ka Entity Info kalembe kuti Solid Group. Kakangolemba Group, pali podontha kapena vuto lina, ndipo Solid Inspector², kapulogalamu koonjezera mu SketchUp, ikulozerani malo ake. Yang'ananinso mtundu wa nkhope: yakunja imakhala yoyera, yamkati yotuwira ku buluu. Buluu akaonekera kunja, dinani Reverse Faces. Ngati mumatha Blender, pulogalamu ina ya 3D yomwe ndi yaulere, ntchitoyi imafulumirako: mu Edit Mode pangani Merge by Distance, musankhe Non Manifold kuti muone mizere yolakwika, kenako Shift+N kuti nkhope zonse zipenye kunja.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa, ngakhale atatseka mabowo onse: sikelo. Pa 1:100, khoma la mamilimita 230 limasanduka 2.3, ndipo limatuluka bwinobwino. Felemu ya windo ya mamilimita 40 imasanduka 0.4, yofanana ndendende ndi kamwa ya nozzle (potulukira pulasitiki) ya maprinta ambiri. Chitsulo cha burglar bar cha mamilimita 12 chimasanduka 0.12, ndipo Cura imangochisiya osakuuzani. Choncho jambulani kope lachiwiri la printa lokha, momwe tinthu tating'ono mwatinenepetsa dala mpaka 0.8 kapena kuposerapo. Magalasi achotseni, mawindo akhale otseguka. Kasitomala sadzabwera ndi tepi kudzayeza felemu. Akufuna aone ngati khitchini yatalikira ku chipinda chodyera. Komanso STL sisunga muyezo, ndiye nyumba ikatulukira yaing'ono modabwitsa mu Cura, mwina munaitumiza mu mainchesi: ichulukitseni ndi 25.4.

Nanga batani lokonza zonse lokha? Pulogalamu ya Meshmixer ili nalo, Auto Repair All, ndipo pa timabowo ting'onoting'ono limathandiza ndithu. Pa nyumba ine sindilikhulupirira kwenikweni, chifukwa silidziwa chomwe munafuna kujambula. Limangomata paliponse pomwe laona potseguka. Mu Cura namonso, pansi pa Mesh Fixes, onetsetsani kuti Remove All Holes ndi yozimitsa, apo ayi zipinda zonse zidzaza pulasitiki.

Denga lisindikizeni palokha. Mupulumutsa ma support ambiri (timizati tomwe printa imapanga pochirikiza mbali zolendewera), ndipo kasitomala azitha kulinyamula n'kuona zipinda. Ntchito ikagawidwa chonchi, magetsi akazima pakati mumataya chidutswa chimodzi, osati nyumba yonse, ndipo filamenti ya PLA, pulasitiki yomwe printa imagwiritsa ntchito, tonse tikudziwa kuti imachokera kunja. Musanadine Print, tsegulani Preview muyende kagawo ndi kagawo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Khoma likasowa pamenepo, bwererani ku SketchUp.