Kodi ndimutumizire mwana tabuleti kuchokera ku Joni?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe ali ku Johannesburg, akugwira ya ulonda. Akuti mwana wawo wamkazi ali Sitandade 2 kumudzi ku Mangochi, pasukulu pawo panabwera matabuleti nde mwana akangotenga foni ya mayi ake nkhani ndi yomweyo basi. Funso lawo ndi loti, kodi zinthu zimenezi zikuphunzitsadi ana kapena ndi masewera chabe, ndipo ngati zikuthandiza amugulire yakeyake mwanayo atumize ndi matransipota a pa Disembala?

Achimwene, ndiyambe ndi kumapeto: ndalama yanuyo igwireni kaye. Chifukwa chake chili ku Peru.

Mu 2005 mkulu wina wa ku America, Nicholas Negroponte, anabwera ndi ganizo la One Laptop per Child, kalaputopu kotchipa koti mwana aliyense wa dziko losauka akhale nako. Boma la Peru linagula tambirimbiri, topitirira 800,000, kugawa mpaka kumapiri. Mu 2012 a Inter-American Development Bank atayesa ana a m'masukulu akumudzi opitirira 300 anapeza kuti kompyutayo ana aidziwadi, kutsegula kutseka kulemba, koma pa masamu ndi kuwerenga sipanasinthe kanthu poyerekeza ndi anzawo omwe sanalandire. Ndalama zonse zija eti. Kompyuta inangofika m'manja mwa mwana koma munalibe phunziro loyenda mwadongosolo, aphunzitsinso ambiri sanadziwe kuti aiphatikize bwanji ndi zomwe amaphunzitsa kale.

Ku Kenya nako a Uhuru Kenyatta analonjeza malaputopu kwa ana a kalasi yoyamba pa kampeni ya 2013, zinadzasanduka matabuleti patapita zaka zingapo. Za ndale tizisiye.

Tsono za kwathu kuno ndi zosiyana pang'ono, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Matabuleti omwe ali m'masukulu a boma siali ngati foni ya mayi akewo ayi. Mulibe WhatsApp, mulibe YouTube, safuna bandulo, amachajidwa ndi sola. Pulogalamu ili m'menemo inapangidwa ndi bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion ndipo imayankhula Chichewa, mwana amavala mahedifoni ndi kumamva mawu akumuuza kuti gwira apa, werenga mbuzi zili apazi, liwu ili ndi "m" liphatikize ndi "a". Akalakwa imamubweza abwereze, akakhoza imamupititsa patsogolo. Mu 2013 anayesa mbali yake ya masamu pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ofufuza a ku University of Nottingham ndi omwe anayang'anira, ana akumagwiritsa ntchito theka la ola patsiku kwa masabata 8. Chomwe chimandisangalatsa pa kafukufuku ameneyu ndi choti panali gulu lina la ana lomwe linapatsidwanso matabuleti koma opanda pulogalamu ya masamuyo, ndipo ana omwe anali ndi pulogalamu ndi omwe anapambana pa mayeso a masamu. Mwaona? Chomwe chinaphunzitsa ana si galasi lowalalo. Ndi zomwe zili mkati.

Nanga bwanji zikugwira kuno? Ganizirani kalasi yomwe munaphunziramo inuyo. Chiyambire 1994 pomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ana anachuluka koopsa, ndipo mpaka lero m'makalasi a m'munsimu si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana 100 atakhala pansi, ena pansi pa mtengo. Madamu akati "a e i o u" onse amakuwa limodzi ngati kwaya, koma kamwana kali kumbuyo kuja kakungotsegula kukamwa, palibe angakadziwe mpaka mayeso a teremu. Tabuleti imampatsa mwana ameneyo mphindi zake yekha, womufunsa yekha, pa liwiro lake. N'chifukwa chake boma linayamba pulogalamu ya BEFIT mu 2023, cholinga chake kufikitsa zimenezi m'masukulu onse a boma kuyambira Sitandade 1 mpaka 4.

Komatu musaganize kuti ndi mankhwala a chilichonse. Mwana wopita kusukulu osadya amasinza ndi mahedifoni kumutu. Batire ya sola ikafa kapena akuba akazula mapanelo, matabuleti amangokhala mu kabati. Ndipo nthawi ya tabuleti ikatha mwana amabwerera m'kalasi momwe muja, kwa mphunzitsi yemwe uja, buku limodzi ana angapo. Ine ndimadandaula ndikamamva anthu ena akuyankhula ngati aphunzitsi ntchito yawathera, amene amandandalika anawo, kuwagawira, kuona kuti uyu wakhala sabata osabwera ndi ndani? Wailesinso tisainyoze, pulogalamu yophunzitsa ana a pulayimale ya Tikwere ija inkafika kutali, ndipo sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid ana ambiri akumudzi chomwe akanatha kuphunzirirapo ndi wailesi, osati intaneti.

Nde tabuleti ya mushopu ku Joni, mukaitumiza ikafika ilibe pulogalamu ija, ikafuna magetsi omwe mwina pakhomopo palibe, ndipo ndikukuuzani pakatha mwezi ikhala ili m'manja mwa amalume ake akuonerapo mpira ndi mafilimu. Mwanayo akaigwira ndi makatuni a Chizungu.

Ndikanakhala ine ndikanatumiza kanyali ka sola, makope, mapensulo ndi timabuku ta nthano ta Chichewa, yotsalayo ikhale ya phala m'mawa. Mlamu wangayo muwauze apite akaonane ndi ahedi, akafunse kuti kalasi ya mwanayo imalowa masiku ati ku matabuleti ndipo masiku amenewo asamajombe zivute zitani, kaya kuli kumunda kaya kuli msika. Ndipo mukamaimba pa WhatsApp Lamlungu muuzeni atenge buku lake la Chichewa akuwerengereni tsamba limodzi mokweza, inu mukumvetsera. Mukamva akuphatikiza yekha "ma" ndi "la" osaloweza pamtima, mundilemberenso imelo ina.