Achimwene, musanawerenge magalamu ganizani za bondo

Imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mwati mwayamba kukwera mapiri pa ski, timatabwa totsetserekera pa sinowo, kuno ku Scotland, mwapeza ma binding (zitsulo zogwirira jombo pa ski) akaunjika olemera magalamu 150 okha, ndipo mukufuna kudziwa ngati muwagule komanso kamangidwe kake. Nditafika pa mawu anu akuti "opepukitsitsa", ndinapezeka ndagwira bondo langa lakumanzere.

Ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Nsonga ya Sapitwa, mamita 3,002, ndinkaiona tsiku lililonse mitambo ikayera, ndipo chitunda ndinachizolowera ndili mwana, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Nditabwera ku Inverness kudzagwira ntchito ya unamwino, mapiri a Cairngorms ndinawaderera. Cairn Gorm ndi mamita 1,245, Ben Macdui 1,309. Mnzanga wakuntchito ndiye anandikoka tsiku lina m'mwezi wa February. Anandimatira ma skin kunsi kwa ski, nsalu zaubweya zija zimene zimaterera ukamapita kutsogolo koma zimagwira ukati ubwerere m'mbuyo, ndipo tinakwera mwakachetechete, kumangomva mpweya wathu ndi kukhwekhwereza kwa ski. Kuchokera tsiku limenelo mtima wanga unatsalira kuphiri.

Ma binding obwereka a tsikulo anali a felemu, amene ukanyamula chidendene umanyamula chitsulo chonse, pafupifupi kilogalamu phazi lililonse. Madzulo ntchafu zinali moto. Choncho nditasonkhanitsa kangachepe, ndinathamangira a timapini. Nzeru yake inachokera kwa Fritz Barthel wa ku Tyrol, m'dziko la Austria, m'zaka za m'ma 1980. Iye anaona kuti jombo ya ski ndi youma kale, ndiye felemu ya chiyani? Timapini tiwiri timalowa m'timabowo tachitsulo kumphuno kwa jombo, chidendene n'kumakwera ndi kutsika momasuka. Potsetsereka umaponda chidendene, timapini tina tiwiri n'kuchigwira. Kampani ya Dynafit ndiyo inafalitsa zimenezi, ndipo lero ATK ya ku Italy, Plum ya ku France, G3 ya ku Canada, Fritschi ya ku Switzerland, Marker ndi Salomon onse akupanga awo.

Anga ndinagula kwa munthu pa intaneti, ali omangidwa kale pa ski. Anali a mpikisano, opanda mabuleki oimitsa ski ikavuka, opanda posinthira mphamvu yomasukira jombo ukagwa. Ulendo woyamba ski inavuka kawiri pamalo osatsetsereka n'komwe. Kachitatu ndinakwiya, n'kukokera m'mwamba kachogwirira ka kutsogolo kamene timakhoma nako binding pokwera. Ndinatsetsereka itakhomedwa chomwecho. Pa sinowo youma gwa ngati simenti, nsonga ya ski inakola, thupi linazungulira, ski sinachoke. Chimene chinamva kupotokako ndi bondo.

Masabata asanu ndi limodzi ndili gone. Inu mukudziwa tanthauzo lake kwa ife: ntchito yathu ndi yoimirira maola 12, ndipo maovataimu ndi amene amalipira fizi ya mphwanga kumudzi. Teremu imeneyo ndinachita kukongola. Amayi pafoni sanandikalipire, anangofunsa kuti, "Mwanawe, kuphiriko umakatenga chiyani?" Funso lija linandipweteka kuposa bondo.

Nditachira ndinapita nazo kwa mmisiri wa ski. Anatenga kamsomali n'kundionetsa timabowo ta jombo, nati ayezi akaundana m'menemo timapini timangokhala pakamwa, osalowa. Kenaka analowetsa kapulasitiki koyezera pakati pa chidendene cha jombo ndi binding. Kanalowa khwekhwerere, mpata n'kutsala. Mwini wake woyamba anali ndi jombo yaitali kuposa yanga, ndipo timapini takumbuyo tinkangogwira pang'ono. Binding inalibe vuto. Inamangidwira phazi la munthu wina.

Ndiye ndinene mosabisa: a magalamu 150 aja musagule. Amenewo ndi a anthu ampikisano, odziwa kutsetsereka bwino ndipo avomera kuika bondo pachiswe kuti apulumutse masekondi. Ambiri mwa iwo ali ndi kasipuling'i kooneka ngati U kumbuyo, mphamvu yake ndi imodzimodziyo kaya ndinu wolemera makilogalamu 55 kaya 90. Ndimaipidwa ndikamva anthu akuuza wongoyamba kumene kuti kupepuka ndiye zonse. Magalamu 150 amene mungapulumutse phazi lililonse, kuwaphatikiza, safika ngakhale theka la lita ya madzi ya m'chikwama mwanu. Komanso sinowo ya kuno si ya m'zithunzi za ku Alps. Kuno mphepo imaiumba n'kuiumitsa, miyala imasuzumira, ndipo masiku ambiri mumayamba mwabereka ski kumsana ola lathunthu musanaipeze. Ndi chifukwa chake ndimaumirira ma crampon a ski, timano tachitsulo tolowetsa kuseri kwa timapini takutsogolo. Binding yopanda polowetsera amenewa ine sindiiyang'ana kawiri. Ndipo musananyamuke muziwerenga chenjezo la kugumuka kwa sinowo lochokera ku SAIS, bungwe la kuno ku Scotland loona za ngoziyi, limatuluka tsiku lililonse nyengo yozizira. Nkhani ya chingwe chomangira ski kumwendo kuti isathawe ikavuka imalowanso pomwepa: sinowo ikagumuka, ski yomangiriridwa imakukokera pansi. Ine ndimasankha mabuleki, ngakhale amawonjezera kulemera.

Nanga mugule otani?

A timapini apakatikati, a magalamu 300 mpaka 400, okhala ndi mabuleki, posinthira mphamvu yomasukira cham'mbali ndi cham'mwamba, komanso chidendene chosuntha mamilimita 20 kapena kuposa kuti mukasintha jombo musaboolenso ski. Dziwani kuti manambala a pa ma binding ambiri a timapini sanayesedwe mofanana ndi DIN, muyezo wa mphamvu yomasukira wa ma binding a kumalo okwera ndi makina, choncho mmisiri aike malinga ndi kulemera kwanu, msinkhu ndi luso lanu, osati kukopera nambala ya mnzanu.

Kuboola musiyire mmisiri wokhala ndi chikombole chake, ndipo mupite ndi jombo zenizenizo. Mpata wa kuchidendene ena amafuna mamilimita 4, ena 5.5, ena jombo ingokhudza. Tsatirani wa binding yanuyo ndipo kapulasitiki koyezera musataye. Mukavala ski, musanaponde chidendene, inyamuleni n'kuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo kangapo kuti timapini tikolope ayezi m'mabowo. Chotsaninso sinowo ya pansi pa timapiko tonyamula timapini takutsogolo. Potsetsereka kachogwirira kaja kakhale pansi.

Pambali pa chidendene cha jombo yanu pali nambala ya kutalika kwa jombo m'mamilimita, monga 305. Nditumizireni imeneyo pamodzi ndi kulemera kwanu, tione limodzi amene angakukwaneni.