Tifunseni: Bwanji anatseka ma TV a ku Russia?

FUNSO: Akulu, ine ndimakhala ku Nsanje chakufupi ndi Marka, kuno wailesi za ku Mozambique timazigwira bwinobwino ndipo palibe amatiletsa. Nde ndamva zoti ku Estonia ndi ku Latvia boma linatseka ma TV a ku Russia, kodi imeneyi si nkhanza? Munthu osaonera zomwe ukufuna?
Owerenga a ku Nsanje

YANKHO: Zikomo bambo, koma za kwanuko nzosiyana, a Maputo sanayambe anenapo kuti Nsanje ndi yawo. Estonia ndi Latvia anali m'manja mwa Soviet Union, chidziko chomwe chinkalamulidwa kuchokera ku Moscow ku Russia, mpaka 1991, nthawi imeneyo anthu ambiri olankhula Chirasha anasamukirako kukagwira ntchito m'mafakitale, moti lero pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi aliwonse ndi wamtundu wa Chirasha. Achikulire ambiri chilankhulo cha m'dzikomo sachimva bwino, nde madzulo amangoyatsa TV ya ku Moscow, masewero okoma, nyimbo, zopangidwa ndi ndalama zambiri, kenako mkati momwemo nkhani zalowa zoti boma lanulo limakudani, a NATO (mgwirizano wa zankhondo wa America ndi mayiko a ku Ulaya) akufuna nkhondo, tsiku ndi tsiku zomwezo. Ndipo ma TV akuluakuluwo ndi a boma la Russia kapena a anthu ake.

Taonani za tauni ya Narva ku Estonia. Anthu oposa 90 pa 100 aliwonse kumeneko amalankhula Chirasha, tsidya la mtsinje ndi tauni ya Ivangorod, Russia imeneyo, kuyandikana kwake ngati mwaima pa doko la Nsanje nkumaona tsidya la Shire. Pa 9 May 2023 a Russia anaimika chisikirini chachikulu m'mphepete mwa mtsinje chitayang'ana ku Narva, nkuyamba konsati ya nyimbo za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anthu a ku Narva anasonkhana tsidya lawo kumaonera. Kutsekedwa TV, iwo abweretsa pamtsinje, tangoganizani!

Russia italowa ndi nkhondo ku Ukraine mu February 2022, bungwe la mayiko a ku Ulaya la EU, momwe mulinso Estonia ndi Latvia, linaletsa RT ndi Sputnik, nyumba zoulutsa nkhani za boma la Russia, mu March, Latvia nayo pofika June inatseka matchanelo onse ochokera ku Russia. Ine sindingawadzudzule kwenikweni, dziko laling'ono loyandikana ndi neba wolanda malo mantha sangalephere. Koma kutseka pakokha sikukwanira ayi, anthu ali ndi madishi, VPN (njira yozembera zotsekedwa pa intaneti), YouTube, Telegram, wofuna kuonera amaonerabe basi. Amene anaganiza bwino ndi a Estonia, mu 2015 anatsegula ETV+, TV yawoyawo ya m'Chirasha, kuti agogo a ku Narva azimva za penshoni ndi za chipatala kuchokera ku Tallinn, likulu la Estonia, m'chilankhulo cha pakhomo, olo kuti kupikisana ndi masewero a ku Moscow uli ndi kabajeti kochepa simasewera.